Sikelo ya tsiku limodzi: nkhani ya Orlando Brown

Lero ndaika choko pansi kaye, tikambirane za mpira wa ku America, uja osewera amavala zisoti n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo.

Pa osewera 11 amene ali ndi mpira, asanu amaima kutsogolo ngati khoma. Awa ndi a offensive line. Sagoletsa, ambiri amatha chaka chonse osaugwira mpira. Ntchito yawo ndi kutsekereza adani kuti asafike kwa quarterback, amene amaponya mpira, komanso kutsegulira njira wothamanga nawo. Akagwira bwino ntchito palibe amawatchula. Akalakwitsa kamodzi, quarterback amapezeka ali pansi ndipo bwalo lonse limadziwa dzina lawo.

Chaka chilichonse matimu 32 a NFL amasankha anyamata ochokera ku makoleji pa mwambo wa draft. Asanasankhe, amawaitanira ku Indianapolis ku mayeso otchedwa Combine. Amawayeza msinkhu, kulemera, kutalika kwa mikono, liwiro pa mayadi 40, ndi kangati angakankhe chitsulo cholemera makilogalamu 102.

Mu 2018 kunabwera mnyamata wa ku Oklahoma, Orlando Brown Jr., wamtali kupitirira mamita awiri, wolemera makilogalamu pafupifupi 156. Kwa zaka zitatu iyeyu anakhala akuteteza kumbuyo kwa Baker Mayfield, amene anasankhidwa woyamba pa draft ya chaka chomwecho. Koma pa Combine zinamuvuta. Anathamanga mayadi 40 m'masekondi 5.85, chitsulo chija anangochikankha ka 14 basi. Anthu anamuseka, ena nkumati mwina ndi mayeso oipitsitsa amene anaonapo. Munthu amene ambiri ankamuyika m'gawo loyamba anatsika mpaka gawo lachitatu, ndipo Baltimore Ravens inamutenga pa nambala 83. Kutsika kotere si manyazi okha, ndi ndalama zambiri zotayika chifukwa malipiro a wosewera watsopano amayendera nambala imene wasankhidwira.

Chinachitika n'chiyani? Brown anasankhidwa ku Pro Bowl zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2019 mpaka 2022, ndipo mu February 2023 anapambana Super Bowl ndi Kansas City Chiefs.

Tsopano taonani mbali ina. Mu 1989 Tony Mandarich wa ku Michigan State anali ndi thupi ndi liwiro zodabwitsa, moti Green Bay Packers inamutenga pa nambala 2. Anzake anayi a m'gulu la asanu oyamba, Troy Aikman, Barry Sanders, Derrick Thomas ndi Deion Sanders, onse analowa mu Hall of Fame. Mandarich anachotsedwa ku Green Bay mu 1992, ndipo mu 2008 anavomereza yekha kuti ali ku koleji ankagwiritsa ntchito mankhwala okulitsa minofu.

Maganizo anga ndi awa: munthu wa offensive line muzimuyeza poonera masewero ake, osati pa wotchi. Pamasewero enieni sathamanga mayadi 40 molunjika ayi. Nkhondo yake imachitikira pa malo a masitepe atatu kapena anayi. Funso nlakuti, kodi mapazi ake amasuntha msanga? Kodi amapinda mawondo kapena amangoweramira m'chiuno? Manja amawaika pachifuwa cha mdani nthawi yoyenera? Adani awiri akasinthana malo mwadzidzidzi, amadziwa woti amutenge? Akagonjetsedwa kamodzi, amabwerera ali wolimba kapena amataya mtima? Zonsezi zimaoneka pa kanema wa masewero ambirimbiri, osati masana amodzi.

Sindikunena kuti Combine ndi yachabechabe. Lane Johnson, wa ku Oklahoma komweko, anachita zodabwitsa pa mayesowa mu 2013, Philadelphia Eagles inamutenga pa nambala 4, ndipo sinanong'oneze bondo. Mayeso akagwirizana ndi kanema, gulani mosaopa. Akatsutsana, bwererani kukaonanso kanema, ndipo funsani chifukwa chake. Mwina mnyamatayo sanakonzekere bwino, ndipo nalonso ndi funso loyenera kumufunsa maso ndi maso. Koma musafufute zaka zitatu chifukwa cha masekondi asanu.

Ife aphunzitsi timaidziwa nkhaniyi. Ndakhala ndi ana amene kuyambira Fomu 1 ankayankha bwino m'kalasi, koma tsiku la mayeso manja ankanjenjemera. Ndakhalanso ndi oloweza usiku umodzi amene anakhoza bwino n'kuiwala zonse sabata yotsatira. Mukandifunsa kuti ndilembe ntchito ndani, ndimayamba ndatsegula kope la chaka chonse.

Nanga inu mukuti bwanji? Mukanakhala mwini timu mu 2018, mukanamutenga Brown pa nambala yanji? Lembani maganizo anu pansipa.