Ndemanga: Chotupa cha m'nsagwada sichidikira msonkhano wa abale

Mwana akatupa tsaya, mano n'kuyamba kugwedera popanda chomumenya, makolo ambiri amayamba aganiza za dzino lobooka. Chotupacho chikakana kuphwa, nkhani imasanduka ya ufiti, abale amaitanizana ndipo ulendo umakhala wa kwa sing'anga. Pomafika kuchipatala chachikulu, masabata amakhala atatha angapo, mwana akulephera kutafuna, mwinanso diso litatong'oka.

Kawirikawiri matenda otere amakhala khansa ya Burkitt, yomwe kwa zaka zambiri yakhala patsogolo pa khansa zogwira ana m'dziko muno. Iyi ndi khansa ya maselo oyera a m'magazi otchedwa B, omwe ntchito yawo ndi kupanga zida zolimbana ndi matenda. Imakonda ana a zaka zapakati pa 5 ndi 9, makamaka anyamata, ndipo imatulukira m'nsagwada, kuseri kwa diso kapena m'mimba. Liwiro lake ndi loopsa: maselo ake amatha kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri okha.

Gwero la matendawa si chinsinsi. Dotolo Denis Burkitt adawalongosola m'chaka cha 1958 akugwira ntchito ku Uganda. Mu 1961 iye ndi anzake awiri adayenda makilomita oposa 15,000 pagalimoto kuyendera zipatala za kummawa ndi kummwera kwa Africa, kuphatikizapo za m'Nyasaland. Adapeza kuti khansayi imachuluka m'madera otentha, otsika komanso achinyontho, komwenso malungo adamanga nthenje. Mu 1964 akatswiri atatu, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong, akugwira ntchito ku London, adapeza kachilombo m'maselo a chotupa chochokera ku Uganda. Kachilomboka, komwe lero kamatchedwa Epstein-Barr, ndi koyamba kudziwika kuti kamayambitsa khansa mwa anthu.

Chodabwitsa n'chakuti anthu akuluakulu oposa 90 mwa 100 alionse padziko lapansi ali nako kachilomboka. Kamafala kudzera m'malovu ndipo ana ambiri mu Africa muno amakatenga akadali makanda. Kamabisala m'maselo a B moyo wonse wa munthu osamudwalitsa. Nanga n'chifukwa chiyani kwa ana ena kamabala khansa? Gawo lalikulu la yankho lili m'mene asilikali a m'thupi amatumizirana mauthenga.

Maselo oteteza thupi sagwira ntchito mwachimbulimbuli. Amalankhulana pogwiritsa ntchito timapuloteni ting'onoting'ono totchedwa ma cytokine, tomwe tili ngati amithenga a mfumu. Mthenga wina, interferon, amakuwa kuti mdani walowa m'mudzi. Wina, IL-6, amauza maselo a B kuti achulukane ndi kupanga zida. Winanso, IL-10, amabwera nkhondo ikatha kudzauza asilikali kuti atule mikondo pansi, kuopa kuti angawononge thupi lomwe akuliteteza.

Kachilombo ka Epstein-Barr kadaphunzira chinenero cha amithengawa. Mu 1990 akatswiri adatulukira kuti kamapanga puloteni yakeyake yofanana kwambiri ndi IL-10. Zili ngati mbala yoyenda ndi kalata yabodza yokhala ndi chidindo cha mfumu, youza alonda kuti akagone pomwe iyo ikulowa m'khola. Maselo otchedwa T, omwe amayenera kusaka ndi kupha maselo ogwidwa ndi kachilomboka, amafooka, pomwe maselo a B omwe kabisalamo amalimbikitsidwa kukula.

Apa m'pomwe malungo amaloweramo. Mwana wodwala malungo mobwerezabwereza thupi lake limakhala pankhondo yosatha. Maselo a B amakakamizika kuchulukana mopitirira muyeso, amithenga monga IL-10 amachuluka m'magazi, ndipo alonda oyang'anira kachilombo kaja amatopa. M'chipwirikiti chotere, selo imodzi imatha kulakwitsa pogawikana: jini yotchedwa MYC, yomwe imalamula kukula kwa maselo, imachoka pamalo pake n'kukakhala pomwe singazimitsidwenso. Selo yotereyi imayenera kufa, koma kachilombo kaja kamaithandiza kupulumuka. Mu 2012 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, lidaika malungo a m'madera omwe amavuta chaka chonse m'gulu la zinthu zomwe zikuoneka kuti zimayambitsa khansa.

Ukathyali wobera amithenga si wa Epstein-Barr kokha. Kachilombo koyambitsa khansa yapakhungu ya Kaposi, komwe Yuan Chang ndi Patrick Moore adakapeza mu 1994, kamapanga IL-6 yake yachinyengo. Kupatula khansa ya Kaposi, yomwe Amalawi ambiri adaidziwa m'nyengo ya mliri wa Edzi, kachilomboka kamayambitsanso khansa ina ya maselo a B yomwe imadzaza madzi m'chifuwa kapena m'mimba, ndi matenda ena otupitsa anabele. Zonsezi zimavuta kwambiri HIV ikafooketsa chitetezo cha m'thupi. Kachilombo kena, HTLV-1, komwe kamapezeka kwambiri kummwera kwa Japan, kuzilumba za Caribbean ndi m'madera ena a mu Africa, kamasokoneza mthenga wotchedwa IL-2 ndipo kamayambitsa khansa ya maselo a T mwa akuluakulu.

Mankhwala otseka pakamwa ena mwa amithengawa, monga IL-6, alipo kale m'maiko olemera. Koma ndi okwera mtengo ndipo si omwe amachiza khansa ya Burkitt. Phindu la kafukufukuyu kwa Mmalawi wamba lili pena: wasonyeza kuti khansa za m'magazizi zimamera pa munda womwe malungo ndi HIV alima kale. Choncho nkhondo yolimbana ndi matenda awiriwa ndi nkhondonso yolimbana ndi khansa.

Malawi ali ndi poyambira. Kuyambira mu 2004 ma ARV akhala akuperekedwa ulere m'zipatala, ndipo munthu womwa mankhwalawa mokhulupirika amabwezeretsa mphamvu kwa alonda a m'thupi mwake. Pa 23 April 2019 dziko lino lidakhala loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'ndondomeko yoyeserera ya WHO. Masikito ogawidwa ulere nawonso ndi chida. Tsoka lake, ena amawasandutsa ukonde wophera usipa kapena mpanda wa dimba. Kholo lochita zimenezi lizindikire kuti likuika mwana pachiswe cha matenda oposa malungo.

Kupewa pakokha sikukwanira, chifukwa ana ena adzadwalabe. Khansa ya Burkitt ndi imodzi mwa khansa zomvera mankhwala msanga. Chotupa chimatha kuyamba kuphwa patangotha masiku ochepa mwana atalandira mankhwala oyamba. M'maiko olemera ana pafupifupi 90 mwa 100 alionse amachira. Kuno chiwerengerocho n'chotsika kwambiri kaamba kofika mochedwa, kunyentchera kwa ana, komanso makolo kusiyira chithandizo panjira chifukwa chosowa ndalama zoyendera. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mawodi a ana odwala khansa, koma kwa mlimi wa ku Nsanje, Nkhotakota kapena Karonga, mtunda ndi wautali ndipo thumba ndi loperewera.

N'chifukwa chake Unduna wa Zaumoyo ukuyenera kuonetsetsa kuti mlangizi wa zaumoyo aliyense ndi dotolo wa pachipatala chaching'ono akudziwa zizindikiro za khansayi, kuti asamangozula dzino kapena kupereka panado n'kumubweza mwana kunyumba. Pakhale njira yachangu yotumizira ana otere kuzipatala zazikulu, ndi thandizo la mayendedwe kufikira atamaliza mankhwala onse. Mu 2018 bungwe la WHO lidaika cholinga chakuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 alionse odwala khansa azichira. Cholinga chimenechi sichingafikiridwe ngati mankhwala akusowa m'zipatala.

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi asing'anga nawo ali ndi udindo. Sing'anga woona mtima akaona chotupa chokula tsiku ndi tsiku asachiteme mphini. Amuuze kholo kuti lithamangire kuchipatala. Agogo osalakwa asamanamiziridwe ufiti pa matenda omwe gwero lake ndi kachilombo ndi udzudzu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pa khansa iyi, sabata imodzi yozengereza itha kukhala malire a moyo ndi imfa ya mwana.