Katemera wa malungo ndi wa maulendo anai

Mvula ikayamba kugwa, anthu a kumudzi amakondwera. Cimanga cimamera, mbuzi zimapeza msipu, zitsime zimadzala. Koma mvula yomweyo imasiya madzi m'zithaphwi, m'mapazi a ng'ombe ndi m'maenje oumbira njerwa. M'madzi amenewo udzudzu umaikira mazira. Pakapita masabata ocepa, pa khonde la cipatala pamadzala amai obereka ana otentha thupi. Akale anati walira mvula walira matope. Kwa ana ang'ono, matope ake ndi malungo.

Malungo si matenda a masewera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, lochedwa OMS, linawerengera kuti m'caka ca 2023 anthu pafupifupi 597,000 anafa ndi malungo. Mwa anthu 100 alionse amene anafa, 95 anali a mu Africa. Ambiri mwa iwo anali ana osakwana zaka 5. Moçambique ndi limodzi mwa maiko amene anthu ake amadwala malungo kwambiri.

Tsopano kuli cida catsopano: katemera wa malungo. Katemerayu ndi wabwino ndipo mwana aliyense ayenera kumulandira. Koma ali ndi lamulo lake. Mwana amabayidwa kanai, osati kamodzi. Ndipo mwana wobayidwa ayenera kugonabe mu neti. Banja limene laiwala zinthu ziwirizi lili ngati mlimi wobzala cimanga amene sabwerera kukapalira.

Momwe malungo amalowera m'thupi

Malungo amabwera ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma usiku. Poluma, udzudzu umasiya tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso. Tizilomboti timayenda ndi magazi mpaka ku ciwindi. M'ciwindi timabisala kwa sabata imodzi kapena kupitirirapo, ndipo timaswana kwambiri. Pa nthawi imeneyi mwana amasewera bwinobwino. Kenako tizilombo timatuluka, timalowa m'magazi ndi kuyamba kuwaononga. Apa ndi pamene mwana amatentha thupi, amanjenjemera, amasanza ndi kukana bere. Matenda akakula, magazi amacepa, mwana amakomoka kapena kugwa linjirinjiri.

Katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira tizilomboti tisanafike ku ciwindi. Ali ngati mlonda wa m'munda amene amadziwa njira imene anyani amadzera. Koma anyani akabwera ambiri usiku uliwonse, ena amadutsa ndithu. Komanso mlonda amatopa, ndiye pamafunika kumudzutsanso. Ici ndi cifukwa cake katemerayu amabwerezedwa.

Ana a ku Manhiça

Anthu ena amati: «Katemera ameneyu ndi wa azungu. Akufuna kuyesera pa ana a kuno.» Mau amenewa amafalikira msanga pa citsime ndi pa msika. Koma mbiri ya katemerayu ikunena zina.

Katemera woyamba wa malungo, wochedwa RTS,S, anayamba kupangidwa m'caka ca 1987 ndi kampani imene lero ikuchedwa GSK. Kuti adziwike ngati amateteza ana, anafunika kuyesedwa kumene kuli malungo. Nchito yaikulu inacitikira ku Manhiça, m'cigawo ca Maputo, pa malo ofufuza za umoyo ochedwa CISM, amene anatsegulidwa mu 1996. Madotolo a ku Moçambique, monga Jahit Sacarlal ndi Eusébio Macete, anagwira nchitoyi pamodzi ndi Pedro Alonso wa ku Espanha. Makolo a ana oposa 2,000, a caka cimodzi mpaka zaka 4, anavomera kuti ana ao alowe m'kafukufuku. Zotsatira zinatuluka mu 2004. Pakati pa ana obayidwa, malungo anacepa ndi 30 pa 100 alionse, ndipo malungo akulu anacepa kuposa theka. Inali nkhani yaikulu: zinaoneka poyera kuti mwana wa mu Africa angatetezedwe ku malungo ndi katemera.

Kucokera mu 2009 mpaka 2014 kunacitika kafukufuku wina wamkulu, wa ana oposa 15,000 m'maiko 7. Manhiça inalimo, Lilongwe inalimonso. Mu 2019, Malawi, Ghana ndi Kenya anayamba kupereka katemerayu ku sikelo m'maboma ena. Ana oposa 2 miliyoni anabayidwa. Kumene katemera anafika, imfa za ana a msinkhu umenewo zinacepa ndi 13 pa 100 alionse. Mu 2021, OMS inavomereza RTS,S. Mu 2023 inavomereza katemera waciwiri, wochedwa R21, amene anakonzedwa ku yunivesite ya Oxford ndipo amapangidwa ku India.

Pa 5 Agosto 2024, Unduna wa Zaumoyo wa Moçambique unayamba kupereka R21. Unayambira ku Zambézia, m'maboma onse 22 a cigawoco, cifukwa kumeneko malungo ndi ambiri. Ana oyamba kulandira anali a miyezi 6 mpaka 11.

Conco kuyesa kunacitika kale, kwa zaka zambiri, ndipo ana a Moçambique anali patsogolo. Katemera wa malungo si mlendo wongofika dzulo. Amai a ku Manhiça anatsegula njira. Mphatso imene iwo anathandiza kukonza isatayidwe cifukwa ca mphekesera.

Cifukwa ciani kanai?

Jekiseni zitatu zoyamba zimaperekedwa motsatana mwana akali wakhanda. Yacinai imabwera mocedwa, mwana atapitirira caka cimodzi. Vuto lili pamenepa.

Mwana wa miyezi 7 amakhala kumbuyo kwa amai ake, ndipo amai amapita naye ku sikelo mwezi ndi mwezi. Mwana wa caka ndi theka amayenda yekha, amadya nsima, amathamangitsa nkhuku. Amai amamuona kuti wakula. Mwina ali ndi pakati pena. Mwina ndi nthawi yopalira, ndipo cipatala cili kutali, kutsidya kwa mtsinje wodzala. Khadi la ku sikelo limaikidwa pansi m'sutikesi ndi kuiwalika. Izi zinaoneka ku Malawi, ku Ghana ndi ku Kenya: ana amene anabwera kudzalandira jekiseni yacinai anali ocepa poyerekeza ndi amene analandira yoyamba.

Koma mphamvu ya katemera imacepa pakapita miyezi. Kafukufuku wa 2009 mpaka 2014 anaonetsa cinthu cofunika kwambiri. Ana amene analandira RTS,S kanai anatetezedwa ku malungo akulu kwa zaka pafupifupi 4: pa ana atatu amene akanadwala kwambiri, pafupifupi m'modzi anapulumuka. Ana amene analekera pa jekiseni yacitatu, pomaliza pa kafukufuku anadwala malungo akulu mofanana ndi ana osabayidwa. R21 nayenso amafuna jekiseni yacinai kuti mphamvu yake ibwerere.

Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Sanaime pakati pa njira. Amai amene ayenda maulendo atatu acita nchito yaikulu, ndipo ulendo wacinai ndi umene umasunga nchitoyo.

Ulendo umenewu si wa amai okha. Bambo angathe kutenga mwana pa njinga. Agogo angathe kutsala ndi ana ena. Mkulu wake wa mwana, amene ali pa sukulu ndipo amadziwa kuwerenga, angathe kutsegula khadi, kuona tsiku limene namwino analemba ndi kunena kuti: «Amai, tsiku la sikelo layandikira.» Nchito imeneyi ndi yaing'ono, koma ingapulumutse mng'ono wake.

Mphika ndi mafuwa atatu

Anthu ena amafunsa kuti: «Ngati mwana wobayidwa angadwalebe malungo, katemerayu ndi wa ciani?» Funsoli ndi lanzeru ndipo liyenera kuyankhidwa moona. Katemera wa malungo sateteza kotheratu. Pa kafukufuku amene anacitika ku Burkina Faso, Mali, Kenya ndi Tanzania, R21 anacepetsa malungo ndi pafupifupi 7 pa 10 m'caka coyamba. Atatu otsalawo alipobe. Namwino kapena mtsogoleri amene angauze anthu kuti malungo atha ndiye kuti akuwanamiza. Bodza lotere ndi loopsa, cifukwa mwana wobayidwa akadzadwala, makolo adzati katemera ndi wacabe.

Komabe mwana amene akanadwala kasanu pa caka akadwala kawiri, phindu lilipo. Magazi ake sacepa kwambiri. Amakula bwino. Amai ake salova kumunda, ndipo ndalama za ulendo wa ku cipatala zimagula sopo ndi makope.

Mphika sukhazikika pa mwala umodzi. Umafuna mafuwa atatu. Mwala woyamba ndi katemera. Waciwiri ndi neti ya mankhwala, imene mwana ayenera kugonamo usiku uliwonse, ngakhale m'nyengo yotentha. Neti ndi yogonamo, si yophera nsomba kapena yochingira mbeu kudimba. Mwala wacitatu ndi kuthamangira ku cipatala tsiku lomwelo mwana akatentha thupi. Kumeneko amamubaya pa cala, ndipo pakapita mphindi zocepa zimadziwika ngati ali ndi malungo. Akapatsidwa Coartem, amwe masiku onse atatu, m'mawa ndi madzulo, ngakhale thupi litazizira pa tsiku laciwiri.

Palibe mwala umene ungalowe m'malo mwa unzake. M'madera ambiri a mu Africa udzudzu unazolowera mankhwala a m'maneti akale, ndipo mu 2023 OMS inavomereza maneti atsopano okhala ndi mankhwala a mitundu iwiri. Ku Rwanda, Uganda, Tanzania ndi Eritrea kwapezeka tizilombo timene timacedwa kufa ndi mankhwala a malungo. Mdani akusintha. Wolimbana naye asataye cida ngakhale cimodzi.

Mwana akabayidwa, nthawi zina pamene pabayidwapo pamatupa pang'ono, kapena thupi limatentha tsiku limodzi kapena awiri. Izi zimacitikanso ndi akatemera ena ndipo zimatha. Zikapitirira, mwana abwerere ku cipatala.

Mbali ya boma

Si bwino kuika mlandu wonse pa makolo. Mai amene wayenda maola awiri ndi mwana kumsana, ndi kupeza kuti katemera watha, sabweranso msanga. Katemerayu amafuna kusungidwa pozizira, conco cipatala caching'ono ca kumudzi cifunika firiji imene ikugwira nchito. Pafunika anamwino okwanira. Pafunika magulu oyenda ndi katemera kumidzi yakutali, ndi athandizi a zaumoyo a m'midzi, ochedwa APE, amene amadziwa nyumba iliyonse. Mafumu, anyakwawa ndi atsogoleri a mipingo ayenera kumva nkhaniyi m'cinenero cao, kuti akaifotokoze bwino pa bwalo.

Zimenezi ndi zotheka. Mu 2022 poliyo inabukanso m'cigawo ca Tete. Obaya katemera anayenda khomo ndi khomo, maulendo angapo, ndipo mu 2024 mliriwo unalengezedwa kuti watha. Agogo ambiri ali ndi cipsera pa mkono ca katemera wa nthomba, matenda amene anatheratu pa dziko lonse mu 1980. Khama lomwelo likufunika pa malungo. Nchito imene inayamba ku Zambézia idzakhala yatha pokhapokha mwana wa ku Angónia, wa ku Macanga ndi wa m'mbali mwa nyanja ku Niassa akamapeza jekiseni zonse zinai pafupi ndi kwao, caka ndi caka.

Palinso nkhani ya ndalama. Ku cipatala ca boma katemera ndi waulere, koma alipo amene amalipira. Mu 2024 jekiseni imodzi ya R21 inali pa madola pafupifupi 4. Gawo lalikulu la ndalamazi limacokera ku bungwe la Gavi, limene limasonkhanitsa thandizo la maiko olemera, ndipo boma limaikapo gawo laling'ono. Mu 2025 boma la America linatseka bungwe lake lothandiza maiko ena, la USAID, ndipo linanena kuti lileka kupereka ndalama ku Gavi. Apa panaoneka kuti khasu lobwereka mwini wake amalifuna nthawi iliyonse. Mu 2001, ku Abuja, atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 pa 100 ya ndalama za boma ku zaumoyo. Maiko ambiri sanafikepo. Moyo wa mwana usadalire cifundo ca alendo cokha. Lonjezo la ku Abuja likumbukiridwe pogawa ndalama za dziko.

Asayansi anagwira nchito zaka zoposa 30 kuti katemera wa malungo afike ku sikelo. Mbali yotsala ndi yaifupi, koma ndi imene ingapulumutse mwana kapena kumutaya. Boma lifikitse katemera. Banja lisunge khadi, limange neti, liyende ulendo wacinai. Mvula idzagwanso, udzudzu udzaswananso. Mwana amene walandira jekiseni zake zonse ndipo amagona mu neti ali ndi mwai waukulu woona cimanga cikukhwima, ndi wodzayamba sukulu pamodzi ndi anzake.

Mafunso

1. Kodi tizilombo ta malungo timabisala kuti tisanalowe m'magazi?

2. Kodi ana a ku Manhiça anathandiza bwanji pa nkhani ya katemera?

3. Cifukwa ciani mabanja ambiri amaiwala jekiseni yacinai?

4. Kodi mafuwa atatu oteteza mwana ku malungo ndi ati?

5. Kodi mwana wa sukulu angathandize bwanji mng'ono wake kumaliza katemera?