PA KHONDE LA KATEKISITI: Maola atatu m'mbali mwa doko

Mwezi watha simunandione pa tsamba lino, ndipo ena mwa inu munafunsa ngati ndadwala. Iai, ndinali pa ulendo. Mwana wa mlongo wanga anaitanitsa galimoto yakale kucokera ku Japan, monga acitira anyamata ambiri masiku ano, ndipo itafika pa doko la Dar es Salaam, amai ake anandipempha kuti ndimperekeze, poti sikwabwino kuti mnyamata ayende yekha ndi ndalama m'dziko la eni. Tinakwera basi ku Lusaka, kudzera ku Mpika ndi ku Nakonde, kenaka Mbeya, Iringa ndi Morogoro, ndipo tinafika ku nyanja yamcere miyendo itatupa.

Ndiyambe ndi kuulula cinthu cimodzi. M'cikwama mwanga munali kalata yopita kwa a Bambo Mfumu, yowadziwitsa kuti nchito ya ukatekisiti ndaitula. Ndinailemba sabata imodzi ulendo usanacitike, koma ndinalibe mphamvu yokaipereka. Zifukwa zake akatekisiti anzanga azidziwa popanda kuwauza: njinga yatha, kathandizo ka pamwezi kamabwera pamene kafunira, ana a m'kalasi ya ubatizo akucepera-cepera, ndipo ana ako enieni ayamba kukufunsa cimene wapindula m'zaka 26 zoyendera machalichi a m'midzi.

Mapepala a galimoto anacedwa, monga mwa cizolowezi ca mapepala. Tsiku laciwiri mnyamata uja, popita kukadikira ku ofesi, anati: "Amalume, m'malo mokhala m'cipinda muno kudzipepeza ndi nyuzipepa, bwanji mukaone mzinda? Mwini nyumba ino adziwa munthu amene nchito yake ndi kuyendetsa alendo." Ndinakana poyamba. Kwathu mlendo timamlozera njira kwaulere, ndi kumpatsa madzi akumwa pamwamba pake. Tsono ine ndilipire munthu kuti ayende nane? Koma safunsa anadya phula. Mzinda wa eni, cinenero ca eni, ndikanangozungulira misewu iwiri ndi kubwerera thukuta lili kamukamu, osadziwa cimene ndaona. Ndinavomera. Tinapangana mtengo tisananyamuke, iye anandionetsa ciphaso ca nchito yake cokhala ndi cithunzi, ndipo tinamvana kuti tidzayenda awiri okha maola atatu, m'mawa dzuwa lisanakwiye.

Namulondola wangayo anali mnyamata wa zaka ngati makumi atatu, wolankhula Cingelezi comveka. Anandipatsa moni wa akulu wa Ciswahili, "Shikamoo", nandiphunzitsa kuyankha kuti "Marahaba". Pamutu anavala kacisoti koluka ka Asilamu. Apa ndiyenera kuululanso: nditaona kacisotiko, mtima wanga unabwerera m'mbuyo. Ndinakumbuka nthano za agogo zonena za Aluya amene anali kugula anthu ndi nsalu ndi mfuti. Atandifunsa nchito yanga, ndinati ndine mlimi. Si bodza, pakuti ndimalima cimanga ndi nshawa. Koma sicinali coonadi conse.

Tinayambira pa msika wa nsomba wa Kivukoni. Ife amene tidziwa kapenta, usipa ndi milamba, pamsika uja timakhala ngati ana. Pali nsomba zazitali kuposa munthu, nkhanu zonga mbale, ndi cilombo cina ca miyendo isanu ndi itatu cimene amaciwedza ndi kucidya mokondwa. Amuna aima pa matebulo a konkire kuitanira mitengo, amai akupikisana, mamba ali mbee pansi ponse. Koma cimene cinandiimitsa ndi ca kuseri kwa msika. Pakamwa pa dokolo ndi popapatiza kwambiri, kotero kuti sitima yaikulu polowa imadutsa pafupi ndi mtunda, yaitali ngati phiri loyenda, tingalawa ta asodzi tili kuvina m'mafunde ake. Ndinaima kukamwa kuli yasa, nkhalamba ya imvi.

"Mzee," anatero mnzangayo, "popeza mwacokera ku Zambia, doko ili ndi lanunso." Ndipo anayamba kundikumbutsa mbiri imene ndinaiphunzira pa sukulu ya mishoni koma sindinaionepo ndi maso. M'caka ca 1965, boma la Ian Smith ku Rhodesia litagalukira Britain, njira zathu za kumwera zinasokonezeka, ndipo mafuta anayamba kubwera m'migolo pa malole kucokera pa doko lomweli, pa msewu woipa umene unapha madalaivala ambiri. Mu 1968 anatsiriza mpope wa mafuta wa TAZAMA wofika ku Ndola. Pakati pa 1970 ndi 1975 anthu a ku China, a ku Tanzania ndi a ku Zambia anayala njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kufika ku Kapiri Mposhi. Mkuwa wathu wambiri umatulukira pano, ndipo fataleza wina amene timalimbirana mwezi wa Novembala amalowera pano. Ine amene ndinali kuyesa nyanja yamcere cinthu ca m'mabuku, ndinapeza kuti nsima yanga inali kudutsa pakamwa popapatiza paja.

Kucoka apo tinalowa pakati pa mzinda kukaona cipilala ca Askari, cimene cinaimikidwa mu 1927: msilikali wa mkuwa, mfuti yake italoza ku doko. M'mbali mwa mwala umene waimapo muli zithunzi zosema, ndipo pakati pa asilikali muonekanso anthu osenza katundu. Namulondola anandiuza kuti dera la msika waukulu wa Kariakoo linatenga dzina lake ku mau a Cingelezi akuti Carrier Corps, gulu la onyamula katundu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Awa ndiwo amtengatenga aja amene makolo athu anali kuwachula motsitsa mau, anthu otengedwa m'midzi kukasenza ufa ndi zipolopolo, ambiri osabwerako. Apa ndinapezako mpata wodzitama pang'ono, ndipo ndinamuuza kuti nkhondo imeneyo kuno inathera kwathu, ku Mbala, kumene mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anatula zida pa 25 Novembala 1918. Anali kudziwa kale, koma mwaulemu anagwedeza mutu ngati wamva catsopano.

Tinakwera kanjinga ka mawilo atatu kamene amati bajaji, kufika pa nyumba yakale ya Old Boma, ya zitseko zosema, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1860. Nthawi imeneyo Sultan Majid wa ku Zanzibar ndiye anayambitsa mzindawu pafupi ndi kamudzi ka asodzi ka Mzizima, naupatsa dzina la Ciluya lotanthauza malo a mtendere. Pamenepo nkhani ya agogo ija inanditulukira pakamwa. Ndinati: "Mtendere wa yani, pamene mafumu anu a ku Zanzibar analemera ndi minyanga ndi anthu a kwathu?" Ndinayembekeza kuti akwiya kapena akana. Iye anakhala cete pang'ono, nati: "Ndi zoona, Mzee. Koma mukati mafumu anu, ine mundiika mbali iti? Amai a agogo anga anafika kuno ali kamtsikana, atamangidwa, kucokera ku nyanja ya Nyasa. Mudzi wao sitiudziwa. Mwina inu ndi ine ndife abale." Ndinalibe coyankha. Ubwino wa kuyenda awiri ndi umenewu: pagulu la alendo makumi awiri, funso lamwano ngati langa silikanafunsidwa, ndipo yankho lotere silikanabwera.

Pa chalichi cacikulu ca Yosefe Woyera, cimene ansembe a cipani ca Benedikito Woyera ocokera ku Germany anamanga pakati pa 1897 ndi 1902, iye anatsala pakhomo nati ndisafulumire. Chalichico cayang'ana ku doko, pafupi ndi pokwerera sitima za ku Zanzibar, ndipo kunja kuli phokoso la ogulitsa matikiti. Koma m'kati muli kamphepo ndi kuwala kwa magalasi a mitundu-mitundu kuseri kwa guwa. Ndinagwada, koma pemphero silinabwere. Maganizo anali pa kalata ija.

Nthawi inali itatsala pang'ono, ndipo ine ndinali wokonzeka kubwerera. Iye anati patsala nyumba imodzi pafupi pomwepo, pa msewu womwewo wa Sokoine. Ndi nyumba yosadzionetsa, ya makoma okhuthala, imodzi mwa zakale kwambiri mu mzindawu, imene ansembe a cipani ca White Fathers anaitenga mu 1922. Ansembe amenewa ndi omwe aja anatsegula mishoni ya Mambwe Mwela mu 1891 ndi ya Kachebere mu 1903, makolo a Mpingo wathu kumpoto ndi kum'mawa kwa Zambia. Dzina la nyumbayo ndi Atiman House. "Kodi Atiman mumdziwa, Mzee?" Ndinayankha kuti mwina anali bishopu wa ku France.

Anaseka, nayamba kufotokoza, ndipo zimene ananena ndazitsimikiza m'mabuku nditabwerera kwathu. Adrien Atiman anali munthu wakuda, wobadwira m'mbali mwa mtsinje wa Niger, kufupi ndi Timbuktu, m'dziko limene lero ndi Mali. Anagwidwa ukapolo ali mwana, naoloka cipululu ca Sahara ngati katundu wa malonda. Mu 1876 ansembe a White Fathers anamuombola ku Algeria. Anamphunzitsa sukulu, anabatizidwa, ndipo anamtumiza ku cisumbu ca Malta kukaphunzira za mankhwala. Kenaka anabwerera ku Afrika, koma osati kwao: anayenda pansi miyezi yambiri kucokera ku gombe lino mpaka ku Karema, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, nyanja yomwe ija imafika ku Mpulungu. Anafika kumeneko mu 1889, ndipo anakhala komweko kufikira imfa yake mu 1956. Zaka 67 pamalo amodzi, kutsuka zilonda ndi kuphunzitsa katekisimu. Sanali wansembe. Anakwatira mkazi wa m'dzikomo, ndipo mwana wake ndiye anadzakhala wansembe. Nyumba ya mu mzindayo inangopatsidwa dzina lake. Iye nchito yake anaigwirira kutali, kumudzi.

"Anali dokotala, koma analinso katekista," anatero namulondola, kuchula mauwo m'Ciswahili. "Kaya kwanu aliko anthu otere? Ndi aja amaphunzitsa cikhulupiriro ndi kutsogolera mapemphero kumene wansembe safikako." Ndinamva nkhope yanga ikutentha, ndipo si dzuwa linali kuitentha. Ndinamuuza kuti mlimi amene wayenda naye m'mawa monse ndi mmodzi wa iwo. Anandiyang'ana, naomba m'manja: "Ha, Mzee! Tsono ine ndakhala ndikukuuzani za mkulu wanu?"

Musandimve molakwa, awerengi. Mbiri ya Atiman siigula matayala a njinga, ndipo ndikanakhala wacinyengo ndikadati inandicotsera madandaulo onse. Akristu amene amafuna katekisiti pa maliro usiku, pa ukwati ndi pa mlandu wa m'banja, koma nthawi ya copereka amayang'ana kudenga, ayenera kudziwa kuti munthuyo ali ndi mimba ndi ana a sukulu. Zimenezo ndidzazinenabe. Cimene cinandilasa ndi cina. Mnyamata wa Cisilamu anadziwa dzina, zaka ndi ulendo wa katekisiti wa Mpingo wanga, cifukwa anaona kuti mbiri ya mzinda wake ndi cuma coyenera kucisunga ndi kucionetsa kwa alendo. Ine ndaphunzitsa ana maina a Amaritiri a ku Uganda caka ndi caka, koma mlendo atafika pa kachalichi kathu ka kumudzi nandifunsa amene anayamba kuphunzitsa pamenepo, sindikanadziwa. Ndinali kudandaula kuti nchito yanga idzaiwalika, pamene ine ndemwe ndinaiwala amene anandilambulira njira. Akulu sananame kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Ndinamlipira monga tinapanganirana, ndi kuonjezapo pang'ono, ine yemwe uja ndinali kukana kulipira munthu woyenda naye. Anathamangira kukalandira alendo ena otsika sitima ya ku Zanzibar. Galimoto inatuluka patapita masiku awiri, ndipo pobwerera mnyamata wa mlongo wanga anadabwa kuti amalume ake, amene popita anali kulankhula njira yonse, tsopano angoyang'ana pa zenera.

Lamulungu loyamba nditafika, titatha mapemphero, ndinapalasa njinga kupita kwa agogo ena a m'mudzi mwathu, amene sathanso kufika ku chalichi. Nditawapatsa Ukaristia, ndinatulutsa kope ndi pensulo ndi kuwafunsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati: "Aphunzitsi, zaka zonsezi mwakhala mukubwera pakhomo pano, mwakumbuka lero?" Anandiuza za mphunzitsi wopunduka mwendo amene anali kucokera ku mishoni pa ndodo, kuitana ana ndi khasu lakutha lopacikidwa pa mkuyu, ndi kugona m'nkhokwe yopanda kanthu poti mfumu ya mudzi poyamba inamkaniza nyumba. Mkuyuwo ulipo, ndakhala ndikutsamiritsa njinga yanga pamenepo osadziwa. Tinadzaza masamba asanu ndi limodzi, ndipo anati ndibwerenso, pakuti manda ake adziwa pamene ali.

Kalata ija ikali m'cikwama, yapindika m'makona ndi cinyezi ca ku nyanja. Sindinaing'ambe, sindinaiperekenso. A Bambo Mfumu amawerenga magazini ino, motero tsopano adziwa kuti ilipo, ndipo ndiyembekeza kuti tidzakambirana akabwera kudzacita Misa mwezi wa mawa.