Freddy adapita, mantha adatsala kunyanja ya Chilwa

Mitambo ikada pamwamba pa phiri la Zomba, mlimi wa mpunga wa kwa Mwambo kapena kwa Kuntumanji amayenera kusekerera. Koma chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, alipo ena amene akangomva mvula ikugunda malata, mtima phaphapha, thukuta kamukamu, tulo osabwera mpaka tambala kulira.

Freddy adapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, ndipo oposa 500,000 adasowa pokhala. Kumadera otsika a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, komwe madzi a mitsinje monga Likangala amathera, nyumba zidagwa ndipo minda idamira. Thandizo lidabwera: ufa, mabulangete, mapepala ofolera. Zonsezi n'zoyamikika. Chomwe chidachepa pa thandizolo ndi chisamaliro cha maganizo a munthu amene adaona mwana wake akukokoloka iye atakakamira nthambi.

Madokotala amati vutoli ndi PTSD, kuvulala m'maganizo kobwera munthu akaona zoopsa. Si misala, ndipo si kulodzedwa. Ambiri amanjenjemera masabata oyamba kenaka n'kukhazikika okha. Vuto limakhalapo ngati mwezi wadutsa zinthu osasintha: zomwe zidachitika zimamubwerera ngati zikuchitika pompano, kutulo ngakhale masana, amalambalala malo angoziwo, safuna n'komwe kuti nkhaniyo ikambidwe, amadzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, kupsa mtima msanga, kudziimba mlandu kuti bwanji iye adapulumuka. Ana ena amayambanso kukodza pogona kapena kukana kusiyana ndi amayi awo.

Apa ndiye anthu amalakwitsa. Msodzi wa pa Kachulu akasiya kukwera bwato amatchedwa mlesi. Akayamba kachasu kuti apeze tulo, amati wangolowerera. Mayi wongokhala duu amamuuza kuti alimbe mtima, poti si iye yekha adataya m'bale. Mawu oterewa amangomutseka pakamwa munthu, ndipo banja lonse limavutika, chifukwa bwato likagona padooko, ndiwo ndi fizi zimagonanso.

Chosangalatsa n'chakuti vutoli limachizika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaika patsogolo uphungu: wodwala kukambirana ndi munthu wophunzitsidwa, kubwerera pang'onopang'ono pa zomwe zidachitikazo mpaka zitaleka kumuopsa. Mapiritsi ena amathandiza akalembedwa ndi dokotala, koma ogonetsa monga diazepam, omwe ena amagula mwachinsinsi, sachiza vutoli ndipo thupi limawazolowera.

Ena anganene kuti anthu a ku Zomba ndi odala, poti chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, Zomba Mental Hospital, chili kwawo komweko. Koma wochokera pachilumba cha Chisi ayenera kulipira bwato kenaka galimoto, ndipo akabwerako dzina lake lasintha m'mudzi. Ndani angafune zimenezo chifukwa cha maloto oipa?

Thandizo liyenera kutsikira kumudzi. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera mavuto a anthu, ndipo ovutika kwambiri amatumizidwa kwa madokotala. Alangizi a zaumoyo alipo kale m'midzi ya ku Chilwa, akuyeza ana sikelo ndi kugawa kolorini. Unduna wa Zaumoyo ndi khonsolo ya Zomba atha kuwaphunzitsa, pamodzi ndi aphunzitsi, abusa ndi mashehe, kuzindikira zizindikirozi. Nayo nthambi ya Dodma izilemba aphungu a maganizo pamndandanda womwe imalembapo chimanga.

Pabanja, ntchito yake ndi kumvetsera popanda kukakamiza munthu kufotokoza zonse, kumubwezera pang'onopang'ono kumunda kapena kudooko, ndi kumuperekeza kuchipatala chapafupi mwezi ukadutsa. Akayamba kulankhula zofuna kudzipha, palibenso zodikira mwezi, apite naye tsiku lomwelo.