KODI MWINI WAKE WA TIMU NDANI?

Mu mzinda wa Blantyre muli mkangano umene sukalamba. Umamveka m'maofesi pa nthawi ya chakudya cha masana, m'zipinda za aphunzitsi, m'mabasi a ku Ndirande ndi ku Bangwe, ndiponso pa wailesi m'mawa mwake mwa masewero aliwonse aakulu. Mkanganowo ndi wa otsatira matimu awiri a mpira wa miyendo, Bullets ya malaya ofiira ndi Wanderers ya malaya a buluu. Kale funso linali limodzi lokha, lakuti timu yaikulu ndi iti. Koma pa zaka zapitazi pauka funso lina loposa loyambalo: kodi mwini wake wa timu ndani, amene amalipira osewera, kapena amene amadzaza bwalo? Funso limeneli liyenera kulingaliridwa mofatsa, pakuti yankho lake ndilo lidzaonetsa ngati matimu awiriwa adzakhala alipobe pamene zidzukulu za otsatira a lero zidzakhala zitakula.

Chiyambi cha Upikisano

Pa kubadwa, wamkulu ndi Wanderers, pakuti inayamba mu 1962, dziko lino lisanalandire ufulu wodzilamulira. Bullets inabadwa mu 1967, pamene osewera ena anapatuka ku Wanderers nakayamba timu yawoyawo. Chotero upikisano umenewu ndi wa pachibale, ndipo aliyense adziwa kuti mkangano wa pachibale ndiwo umawawa koposa. Zonga zomwezi zinachitika ku South Africa mu 1970, pamene Kaizer Motaung, amene anali wosewera wa Orlando Pirates, anayambitsa Kaizer Chiefs, ndipo kufikira lero anthu a ku Soweto ndi ogawikana pakati pa matimu awiriwo.

Otsatira Bullets, amene amadzitcha Maule, akafuna kutseka mnzawo pakamwa amawerenga zikho. Kuyambira mu 1986, pamene mpikisano wa Super League unayamba, kufika mu 2023, Bullets inakhala akatswiri ka 17, pamene Wanderers inapambana ka 6, ndiko kuti mu 1990, 1995, 1997, 1998, 2006 ndi 2017. Nawo a Manoma amayankha kuti mwana sanyoza bere limene anayamwa, ndi kuti popanda Wanderers sipakanakhala Bullets. A Maule akatchula Kinnah Phiri, amene anagoletsera timu ya dziko lino zigoli 71, a Manoma amatchula malemu Jack Chamangwana, amene anali mzati wa kumbuyo ndi mtsogoleri wa osewera anzake. Chimene mbali zonse ziwiri zimaiwala kawirikawiri ndi chakuti amuna awiriwa anavala malaya amodzi m'zaka zimene Malawi anatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979. Upikisano wa pa bwalo la Kamuzu ndiwo unanola timu ya dziko.

Maina Osinthasintha

Munthu wofuna kudziwa bwino mbiri ya kayendetsedwe ka matimu awiriwa angoyang'ana maina amene akhala akutchedwa nawo, pakuti dzina lililonse ndi chizindikiro cha thumba limene munali kutuluka ndalama pa nthawiyo. Bullets inatchedwapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, ndipo mu 2023 panaonjezedwa dzina la banki ya First Capital. Wanderers nayo inatchedwapo Yamaha, Limbe Leaf, Telecom, MTL, Be Forward, ndipo mu 2022 inatenga dzina la Mukuru. Kampani ya nsapato, ya mafuta, ya fodya, ya lamya, ya magalimoto, iliyonse inadza nkupita pa nthawi yake. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Phunziro lalikulu la zimenezi linaoneka mu 2003 ndi 2004. Dr. Bakili Muluzi, amene anali Pulezidenti wa dziko lino pa nthawiyo, anatenga Bullets naithandiza ndi ndalama, ndipo mu 2004, motsogozedwa ndi mphunzitsi Kinnah Phiri, timuyo inagonjetsa Orlando Pirates nkulowa m'gulu la matimu 8 otsiriza pa mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Kumeneko inakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria, imene inatenga chikhocho chaka chomwecho, Étoile du Sahel ya ku Tunisia, ndi Africa Sports ya ku Côte d'Ivoire. Ichi ndi chinthu chimene otsatira Bullets amanyadira nacho, ndipo ayenera kutero. Komatu thandizolo litatha, timuyo inatsala yopanda bwalo lakelake ndi yopanda chuma chosungidwa. Timu imene inakhala akatswiri zaka 7 zotsatizana, kuyambira 1999 kufika 2005, inadikira kufikira 2014 kuti ione chikho cha ligi kachiwiri.

Wanderers inalawa zowawa zomwezo pamene kampani ya ku Japan ya Be Forward inaleka thandizo lake m'nyengo ya mliri wa Covid-19. Ndipo pali matimu ena amene sanapulumuke konse. MDC United inali akatswiri mu 1988, Escom United mu 2007, ndipo Hardware Stars inali ndi osewera otchuka; lero maina amenewa samvekanso m'ligi yaikulu. Anatha chifukwa moyo wawo unali m'manja mwa bungwe limodzi. Bullets ndi Wanderers zinapirira chifukwa cha chinthu chimodzi chimene anzawowo analibe, ndicho khamu la otsatira amene sanaleke kulipira pa chipata ngakhale m'zaka za njala.

Mbali Ziwiri za Mkangano

Kuti athane ndi vuto limeneli, matimu onse awiri anasankha njira yosanduka makampani. Kampani yopanga ndudu ya Nyasa Manufacturing, imene inayamba kuthandiza Bullets mu 2015, inatenga umwini wa timuyo mu 2017. Wanderers inatsatira mu 2021, pamene inakhazikitsa kampani yake motsogozedwa ndi Dr. Thomson Mpinganjira, amene anayambitsa banki ya FDH. Apa ndi pamene pali phata la mkangano wa masiku ano, ndipo mkangano umenewu sugawa Maule ndi Manoma, koma umagawa otsatira a timu imodzi pakati pawo.

Okonda ulamuliro wa kampani amanena kuti pa nthawi ya makomiti osankhidwa ndi otsatira, osewera ankatha miyezi osalandira malipiro, ndalama za pa chipata sizinkadziwika bwino kumene zapita, ndipo mphunzitsi ankatha kuchotsedwa ntchito ndi chikhamu cha anthu okwiya timu ikangogonja kawiri. Iwo amaloza zipatso: Bullets inakhala akatswiri kasanu motsatizana kuyambira 2018 kufika 2023, ndipo mu 2023, pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, inatenga zikho zinayi m'chaka chimodzi, cha ligi, cha FDH Bank, cha Airtel Top 8 ndi cha Castel. Mau awowa ali ndi mphamvu, pakuti wosewera ndi munthu wa pa ntchito, ali ndi banja lofuna kudya, ndipo nyimbo za ochemerera sizigula ufa.

Koma nawo okonda ulamuliro wa otsatira ali ndi mfundo zosayenera kunyozedwa. Amakumbutsa kuti Bullets inatenga ligi mu 2014 kampani ya Nyasa isanabwere. Amafunsanso kuti, ngati timu yakhala katundu wa kampani, adzaletsa mwini wake ndani tsiku limene adzafune kuigulitsa, kusintha malaya ake, kapena kuisiya malonda ake akavuta? Iwo amati walira mvula walira matope: amene walandira ndalama za mwini walandiranso ulamuliro wake. Ndipo amaonjeza kuti chimene kampani imagula potenga timu ndi mitima ya anthu amene amaitsatira, pakuti palibe kampani imene ingataye ndalama zake pa timu yosewera m'bwalo lopanda anthu.

Mkanganowu uli ndi mbali yachitatu, imene anthu a ku Lilongwe amaikumbutsa. Silver Strikers, yothandizidwa ndi Reserve Bank of Malawi, inatenga ligi mu 2024, ndipo Kamuzu Barracks ya asilikali inaitenga mu 2016. Matimu a mabungwe a Boma, monga a asilikali ndi a polisi, ali ndi mwayi wakuti osewera ambiri ali pa ntchito yokhazikika. Chotero matimu a ku Blantyre akamakangana za umwini, adziwe kuti opikisana nawo sagona.

Za ku Maiko Ena

Funso limeneli lavutitsanso maiko amene mpira wawo uli ndi chuma chambiri. Ku England, kumene matimu ali m'manja mwa anthu olemera, timu ya Bury, imene inayamba mu 1885, inachotsedwa m'ligi mu 2019 chifukwa cha mavuto a ndalama, otsatira ake ali chiyang'anire. M'dziko lomwelo, mu April 2021, eni matimu 6 aakulu anavomera kulowa mpikisano watsopano wa ku Ulaya osafunsa otsatira awo, ndipo anabwerera m'mbuyo pasanathe masiku atatu anthu atakwiya. Ku Spain, Barcelona ndi ya mamembala ake, amene amasankha okha mtsogoleri, koma inalowa m'ngongole zazikulu kotero kuti mu 2021 inalephera kusunga Lionel Messi. Zitsanzo zimenezi zionetsa kuti mwini wolemera akhoza kugwetsa timu, ndiponso kuti mamembala osankha atsogoleri a malonjezo okoma akhoza kuigwetsa chimodzimodzi.

Anthu a ku Germany anatsata njira ya pakati. Mu 1998 analola matimu kusanduka makampani, koma anaika lamulo lakuti mamembala akhale ndi mavoti oposa theka, kupatula matimu owerengeka monga Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg amene analeredwa ndi makampani kuyambira kale. Munthu wa ndalama amaloledwa kulowa, koma sangathe kunyamula timu nkupita nayo. Chofunika kuzindikira ndi chakuti membala wa kumeneko ndi munthu wolembedwa m'buku, wolipira chopereka chake chaka ndi chaka. Mau ake pa msonkhano amalemera chifukwa dzanja lake linalowa m'thumba.

Chimene Chifunika

Pamenepa ndi pamene mkangano wa kuno umaperewera. Otsatira ambiri amafuna ulamuliro wa mwini koma alibe udindo wa mwini. Amati timu ndi yawo, koma sanalembetse dzina lawo paliponse, amagula malaya achinyengo pa msika m'malo mwa enieni amene phindu lake limapita ku timu, ndipo ena amafuna kulowa m'bwalo ulere. Enanso amaonongetsa timu yawo ndalama za chindapusa chifukwa cha ziwawa. Dziko lino silinaiwale kuti mu December 2013 munthu anataya moyo pa chipwirikiti cha pa bwalo la Balaka, pa masewero a Wanderers ndi Silver Strikers. Wofuna kumvedwa pa za kayendetsedwe ka timu ayambe waonetsa kuti akhoza kudziyendetsa yekha.

Nawo eni makampani ali ndi ngongole kwa otsatira. Choyamba, pakhale buku la mamembala olipira, ndipo mamembalawo akhale ndi mpando m'bungwe loyendetsa timu, wotetezedwa ndi malamulo olembedwa. Chachiwiri, mabuku a ndalama aziwerengedwa ndi akatswiri apadera chaka chilichonse, ndipo zotsatira zake ziziwerengedwa poyera pa msonkhano waukulu. Chachitatu, zinthu zimene zimapanga timu kukhala timuyo, monga dzina lake lenileni, mtundu wa malaya ndi mzinda wake, zisasinthidwe popanda chilolezo cha mamembala. Chachinayi, gawo la ndalama za m'zaka zabwino liziikidwa pa zinthu zokhalitsa, bwalo ndi sukulu ya osewera achichepere. Kwa zaka zambiri matimu awiri aakuluwa akhala akusewera pa bwalo la Kamuzu, limene ndi la Boma, ndipo timu yopanda bwalo lake imagawana ndalama za pa chipata ndi mwini bwalo pa masewero aliwonse. Bungwe la Football Association of Malawi, limene limapereka ziphaso kwa matimu, lili ndi mphamvu yofunsa zambiri mwa zimenezi lisanalole timu kulowa m'ligi.

Pa ntchito imeneyi aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma ali ndi malo awo. Pafupifupi wosewera aliyense wotchuka anayamba kumenya mpira pa bwalo la sukulu, mphunzitsi ali ndi wezulo pakamwa. Ndipo anthu amene amadziwa kulemba zokambirana za msonkhano, kusunga kaundula ndi kuwerenga buku la ndalama ndiwo amene makomiti a otsatira akuwasowa. Anthu otere akangokhala pambali namakangana za zigoli za 1978 m'chipinda cha aphunzitsi, misonkhano ya otsatira idzatsala m'manja mwa ofuula kwambiri.

Mutu umodzi susenza denga. Kampani ili ndi ndalama ndi luso la kayendetsedwe, otsatira ali ndi kukhulupirika kumene kwasunga matimuwa zaka zoposa 50. Mbiri yaonetsa kuti othandiza amasinthana, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti a lero adzakhala mpaka muyaya. Nthawi yabwino yolemba malamulo oteteza timu ndi ino, pamene malipiro akutuluka ndi zikho zikubwera, pakuti tsiku limene mwini adzatsanzike sipadzakhalanso mpata wokambirana.