Chuma Chamasiye Choimba

Pamene tinkagaŵana katundu wa malemu agogo ku Mitundu, abale anathamangira mbuzi ndi njinga. Ine ndinasankha ampulifaya ya gitala imene agogowo anabwera nayo kuchokera ku Joni, boma lisanaimitse maulendo a Wenela mu 1974. Anandiseka, amvekere mphunzitsi wasankha nyumba ya mphemvu.

Ine ndikuti sindinalakwe. Ampulifaya yamakedzanayi imalira ndi timababu tagalasi totchedwa mavalavu. Kamodzi kakapsa, mmisiri amakazula n'kuikapo kena, mau aja n'kubwerera. Zamakono zambiri zotsika mtengo zikafa zimangotayidwa kudzala. Chikumbutso chokhalitsa ndi chimene chimakonzeka.

Daniel Kachamba anamwalira mu 1987, koma gitala lake tikulimvabe chifukwa ena anasamala nyimbo zake. Nanga ife a ku Mitundu ndi Nathenje tasunga chiyani cha oimba athu?

Mbuzi zija zinatha kalekale. Ampulifaya ikadalipo, ndipo Loŵeruka lililonse ophunzira anga amaimbira pomwepo. Feteleza akakwera mtengo, ogula amafika ndalama zili m'manja. Mtima umagunda ndithu, koma ndimaŵabweza. Inunso aŵerengi, musafulumire kugulitsa.