Zojambula za m'maboma: vuto lagona pa mawu ndi kasungidwe, osati kamera

Chiyambireni kugwira ntchito pa 30 September 2020 kwa lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zosungidwa m'maofesi a boma, mawu ndi kanema zimene maofesiwa amajambula zasanduka katundu amene nzika ingathe kupempha kuti imve kapena kuona. Lamuloli, lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu December 2016, silisiyanitsa nkhani yolembedwa pa pepala ndi yosungidwa mwa njira ina, ndipo limapereka masiku 15 ogwira ntchito kuti ofesi iyankhe wopempha. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa.

Izi zikutanthauza kuti ntchito yojambula misonkhano ya khonsolo, miyambo yopereka zitukuko ndi kawuniwuni wa ngozi zogwa mwadzidzidzi siyoti nkumangosiyira aliyense amene ali ndi lamya yabwino pa tsikulo. Boma la Chiradzulu, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 350,000, ndi chitsanzo chabwino pa nkhaniyi chifukwa mbiri yake yaonetsa kale kulemera kwa chojambula chimodzi chosungidwa bwino.

Chithunzi cha 1914 cha mbusa John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe chinapulumuka, pamene tchalitchicho chinagwetsedwa ndi asilikali a atsamunda kutatha kuukira kwa mu January 1915. Patadutsa zaka zoposa 100, katswiri wa zaluso Samson Kambalu anagwiritsa ntchito chithunzicho popanga chiboliboli chomwe chinaikidwa pa bwalo la Trafalgar Square mu mzinda wa London mu 2022. Nkhope ya Chilembwe ikudziwika, ndipo ili pa ndalama za dziko lino. Mawu ake palibe amene angawamve.

Chodabwitsa nchakuti lero, pamene zipangizo zatsika mtengo, mawu ndiwo akupitirira kutayika. Makomiti ogula katundu akamalemba zofunika pa ofesi yofalitsa nkhani, maso amathamangira ku kamera, popeza ndiyo imaoneka pa mwambo ndipo mtengo wake umapatsa ulemu. Maikolofoni imabwera kumapeto kwa mndandanda, kapena siilembedwa nkomwe. Koma woonera amapirira chithunzi chosawala bwino ngati akumva zokambidwa, pamene kanema wokongola yemwe mawu ake ndi mphepo yokhayokha amamuzimitsa pasanathe mphindi. Wailesi, yomwe imafika kumidzi kuposa kanema, siingagwiritse ntchito chilichonse pa zojambula zotere.

Gwero la vutoli ndi mtunda. Mtunda wa pakati pa wolankhula ndi maikolofoni ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu ofika pa maikolofoniyo imatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, pamene phokoso la njinga zamoto, jenereta ndi ana osewera limakhala chimodzimodzi. Maikolofoni ya pa kamera kapena lamya yomwe yaima mamita atatu kuchokera pa mfumu yomwe ikulankhula imatola bwalo lonse mofanana. Kamaikolofoni kokoleka pa kolala, koikidwa masentimita 15 kapena 20 kuchokera pakamwa, kamathetsa vutoli pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa kamera. Ngati ofesi ilibe kachipangizoka, lamya yachiwiri yoikidwa pa tebulo pafupi ndi wolankhula imagwira ntchito. Wojambula amangoomba m'manja kamodzi pamaso pa kamera poyamba, kuti pokonza pa kompyuta apeze poyambira kulumikiza mawu ndi zithunzi.

Nkhaniyi ikukhudzanso chilungamo, ngakhale ambiri sayiona choncho. Pa misonkhano ya m'midzi, mlendo wolemekezeka amalankhula pa chimkuzamawu ndipo amamveka bwino. Mayi yemwe waimirira pakati pa gulu kudandaula za mjigo wowonongeka, mwina m'Chiyao kapena m'Chilhomwe, amalankhula patali popanda maikolofoni. Zojambula zikafika ku likulu, zimaoneka ngati anthu anangomvetsera ndi kuomba m'manja. Ofesi yofuna umboni woti inafunsadi maganizo a anthu isanayambe ntchito ya chitukuko iyenera kukhala ndi maikolofoni yoyenda nayo pagulu, ndi munthu woinyamula.

Nyengo ya ku Chiradzulu nayo ili ndi zake. M'miyezi ya June ndi July, mphepo ya chiperoni imawomba pa maikolofoni yosavala kanthu nkuphimba mawu onse. Siponji yomwe imabwera ndi maikolofoni imathandiza m'nyumba mokha. Panja pamafunika chovala chaubweya chija, ndipo wojambula aziimika wolankhula mofulatira mphepo. M'nyengo ya dzinja vuto limasamukira m'zipinda zophunzirira ndi m'matchalitchi momwe misonkhano yambiri imachitikira: mvula ikagunda malata, palibe kompyuta yomwe ingachotse phokosolo osawononga mawu. Makoma a simenti opanda kanthu amabwezanso mawu. Pofunsa munthu mmodzi mafunso, chipinda chaching'ono chokhala ndi makatani ndi mabuku, ngakhale m'galimoto yotseka mawindo, ndi malo abwino kuposa holo yaikulu.

Pa miyambo ikuluikulu, monga mapemphero okumbukira Chilembwe omwe amachitika pa 15 January, njira yodalirika ndi kutenga mawu ndi waya kuchokera pa makina a eni zimkuzamawu. Apa mpomwe ambiri amapsa. Mawu otuluka pa makinawa ndi amphamvu kwambiri kuposa otuluka pa maikolofoni, ndipo akalowetsedwa pa bowo la maikolofoni amasweka, osakonzekanso. Chojambulira chiyenera kuikidwa pa "line", ndipo muyeso wa mawu uzisewera cha pa -12 dB, osafika pa 0. Wojambula wosavala mahedifoni amadzazindikira kuti waya unali wolekera atafika kale ku ofesi, mwambo utatha ndipo alendo atabalalika.

Pa zithunzi, zofunika kusamala nzochepa ndipo sizilira ndalama. Magetsi a dziko lino amayenda pa 50 Hz ndipo wailesi za kanema kuno zimagwiritsa ntchito zithunzi 25 pa sekondi, pamene malamya ambiri amabwera atatcheredwa pa 30 potsata mayiko monga United States komwe magetsi ndi a 60 Hz. Nchifukwa chake kanema wojambulidwa m'maofesi amaphethira kapena kuonetsa mizere yoyenda. Kutchera pa 25 kapena 50, pomwe lamya ikulola, kumathetsa izi. Lamya igonekedwe chopingasa ngati kanemayo akupita ku wailesi, iikidwe pa choimikira cha miyendo itatu, ndipo zenera kapena dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula. Kukoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire kumangochiwononga. Ndi bwino wojambula asendere yekha pafupi.

Kukula kwa mafayilo ndi nkhani ya bajeti. Mphindi imodzi ya kanema wa 1080p pa lamya imadya pafupifupi 130 MB, pamene ya 4K ingathe kuposa 300 MB. Msonkhano wa khonsolo wa maola atatu wojambulidwa mu 4K ungadutse 50 GB, zomwe ofesi ya pa boma singakwanitse kutumiza pa intaneti yogula mabandulo. Pa ntchito zambiri za boma 1080p ndi yokwanira, ndipo pa misonkhano yaitali mawu okha ndi okwanira: fayilo ya MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi.

Namondwe wa Freddy, yemwe anakantha chigawo cha kummwera mu March 2023, anaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. M'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe, mudzi wa Ntauchira unakokoloka ndi matope ndi miyala yochokera m'phiri. Pa ngozi zotere zithunzi zoyamba zimayenda pa WhatsApp, ndipo zimathandiza kuti chithandizo chifulumire. Komabe WhatsApp imafinya kanema kuti achepe, ndipo nthawi zambiri imachotsa zizindikiro zobisika zosonyeza tsiku ndi malo omwe chithunzi chinajambulidwa. Chithunzi chikadutsa m'magulu asanu, palibe amene angatsimikize ngati nyumba yogwayo ndi ya ku Chiradzulu, Phalombe kapena Mulanje, kapenanso ngati ndi ya chaka chimenecho. Ofesa yemwe akutumiza umboni ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ayenera kutumiza fayilo ngati "document" kuti ifike yosasinthidwa, asunge yoyambirira, ndipo atchule ndi pakamwa tsiku, mudzi ndi mfumu ya deralo kumayambiriro kwa kanema aliyense. Nthawi ya ngozi magetsi amakhalanso atazima, monga zinachitikira mu January 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, kotero mabatire apadera ndi kasola kotchajira ziyenera kuwerengedwa ngati mbali ya kamera.

Kujambula anthu omwe ali pa mavuto kuli ndi malire. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma oyamba m'dziko muno kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwa anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV, ntchito yomwe bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba mu 2001, ndipo ogwira ntchito zachipatala kumeneko akudziwa zomwe nkhope yoonetsedwa popanda chilolezo ingachite pa banja la munthu. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, laika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika chitetezo chapadera. Chilolezo chijambulidwe pa kanema yemweyo, m'chiyankhulo chomwe munthuyo amamva, atauzidwa komwe kanemayo akaonetsedwe. Pa ana, chilolezo chichokere kwa kholo kapena womuyang'anira.

Chomwe chimawononga zojambula zambiri za boma si mbava kapena moto, koma kusamutsidwa kwa ogwira ntchito. Ofesa akatumizidwa ku boma lina, amapita ndi lamya kapena laputopu yake, ndipo zojambula za zaka zitatu zimapita naye. Lamulo lomwe osunga zakale amatsata ndi loti fayilo iliyonse ikhale ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi likhale pa malo ena kunja kwa ofesi. Dzina la fayilo liyambe ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenako malo ndi mwambo, ndipo pakhale buku la ofesi lolembamo zomwe zili pa chosungira chilichonse. Bukuli liperekedwe pamodzi ndi makiyi pa tsiku losiyirana ofesi. Popanda izi, masiku 15 omwe lamulo limapereka adzathera kuimbira foni munthu yemwe anasamuka kalekale.

Palinso matepi akale. Kuchokera pomwe wailesi ya kanema ya Television Malawi inayamba mu 1999 mpaka makamera a memori khadi atafala, miyambo yambiri ya m'maboma, m'mipingo ndi m'sukulu inajambulidwa pa VHS ndi MiniDV, ndipo mawu pa makaseti. Kampani ya Funai ya ku Japan, yomaliza kupanga makina oonetsera VHS, inasiya mu 2016. Mu 2019 bungwe la UNESCO pamodzi ndi bungwe la osunga mawu ndi kanema la IASA anachenjeza kuti pofika cha mu 2025 kusamutsa zomwe zili pa matepi kudzakhala kovuta chifukwa makina ndi zipangizo zokonzera zikutha. Chinyezi cha chiperoni chimameretsa nkhungu pa tepi yosungidwa m'kabati yotseka, ndipo tepi yotere ikaikidwa m'makina isanatsukidwe imawononga makinawo pamodzi ndi zomwe zinajambulidwa. Ofesi yomwe ili ndi matepi otere iyambe ndi kuwawerenga, kulemba zomwe zili pa chikuto cha iliyonse, kuwaimika chilili pa malo ouma, ndi kufunsa malangizo ku nkhokwe ya zakale ya dziko lino ku Zomba isanayese kuwaliza. Ndalama yosamutsira matepiwa pa kompyuta iyenera kulowa m'ndondomeko ya zachuma ya khonsolo chaka cha boma chisanayambe pa 1 April.